Maenje akale a mkuwa kunja kwa Solwezi

Galimoto inatisiya pomwe msewu wafumbi unathera, ndipo tinayenda wapansi m'nkhalango ya miombo pafupifupi ola lathunthu. Ankanditsogolera anali katswiri wa miyala, bambo wachikulire wosachuluka mawu, amene gulu lawo likufufuza mkuwa kunja kwa Solwezi, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia.

Mwadzidzidzi mitengo inatha, tinatulukira pamalo a udzu wokhawokha. "Apa mkuwa wachuluka m'nthaka, mitengo siimera bwino," anatero bambowo. Chapakati panali maenje aataliatali ngati ngalande, ena ogumuka, ena omera zitsamba. Ndinatola kamwala kobiriwira kuti biriwiri, ndipo anandiuza kuti ameneyo ndiye malachite, mwala womwe anthu akale ankautsata.

Ndinakhala pansi, mtima utagwidwa. Anthu amenewa analibe makina. Ankaswa mwala ndi manja, kusankha wobiriwira, kuusungunula m'ng'anjo zadothi ndi makala, akupopa mivukuto mpaka mkuwa utayenderera. M'chigawo chonsechi mpaka ku Katanga, m'dziko la Congo, mkuwa unkaumbidwa ngati mitanda n'kumayenda pa malonda, ndipo ina inapezeka m'manda a ku Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi. Ngakhale ku Kansanshi, mgodi waukulu wa mkuwa wa kufupi ndi Solwezi, mzungu wofufuza miyala George Grey atafikapo mu 1899 anapeza maenje okumbidwa kale. Zimandiwawa kumva kuti iyeyo ndiye "anautulukira", pamene eni nthaka anali atakumbapo kwa zaka mazanamazana.

Nanga lero akufunanso chiyani pamalo oti anzawo anakokolola kale? Akale ankalekeza akafika pamadzi, chifukwa analibe chowapopera. Pansi pa madziwo mkuwa umakhala wosakanikirana ndi salufa, m'mwala wonyezimira ngati golide wotchedwa chalcopyrite. Nthawi zambiri pa matani 100 a mwala wotere supeza ngakhale tani imodzi ya mkuwa, komabe ndi makina a masiku ano phindu limapezeka, makamaka pano pomwe mawaya a magetsi ndi magalimoto oyendera mabatire akufuna mkuwa wochuluka. Kansanshi yomwe inadzukanso chotero mu 2005.

Kuseri kwa chulu makina oboolera ankalira. Anyamata ankasolola miyala yoburungika ngati zidutswa za nzimbe n'kuiyala m'mabokosi motsatira kuya kwake. Bambo aja anathira madzi pa chidutswa chimodzi, anachiyang'anitsitsa pa kagalasi, n'kupukusa mutu. Anati mabowo ambiri amatuluka opanda kanthu, ndipo kuchoka pa bowo loyamba kufika pa mgodi weniweni pamadutsa zaka zoposa khumi.

Ndinawafunsa kuti mkuwa ukapezekadi, maenje akalewa adzatani.

"Dzenje lalikulu lidzawameza, mwanawe," anayankha motsitsa mawu. "N'chifukwa chake ndimawauza anyamatawa kuti ayeze ndi kujambula lililonse tisanapitirire."

Kamwala kobiriwira kaja ndinakabwezera pomwe ndinakatola, tinayamba ulendo wobwerera dzuwa litapendeka.