Ku Sutherland kukaona Canopus, nyenyezi ya chombo chophwasulidwa

Msewu wa N1 ukangodutsa minda ya mpesa ya ku Hex River, dziko limayamba kuuma mpaka mitengo kutheratu. Pa Matjiesfontein tinakhotera kumpoto n'kulowa R354, ndipo kwa makilomita oposa 100 kunalibe china koma tizitsamba totuwa ta ku Karoo, nkhosa apo ndi apo, ndi zimakina zamapiko zopanga magetsi ndi mphepo zitandanda pamwamba pa zitunda. Chakumapeto msewu umakwera mokhotakhota pa Verlatenkloof, makutu n'kutseka, kenaka umatulukira pamtunda pathyathyathya pamene pali kamzinda ka Sutherland, kodziwika m'dziko la South Africa chifukwa cha kuzizira ndi nyenyezi.

Zimene munthu wina angadandaule nazo kumeneko ndi zomwe zinakopa akatswiri a zakuthambo: mvula ndi yochepa, mitambo siichedwa, magetsi a m'mizinda ali kutali. Bungwe la South African Astronomical Observatory linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo makina ake akuluakulu ali paphiri lina kunja kwa mzindawu, pa mamita pafupifupi 1,800 kuchokera pamene pali nyanja. Masana anatilowetsa m'nyumba ya SALT, telesikopu imene Thabo Mbeki anatsegulira mu 2005. Galasi lake ndi magalasi 91 a makona sikisi, olumikizidwa kukhala chimodzi cha mamita pafupifupi 11. N'chinthu chogometsa ndithu, koma mlendo sasuziramo. Kuwala kumene chimasonkhanitsa kumapita m'makina ogawa kuwalako m'mitundu yake, ndipo zotsatira zake amaziwerengera pa kompyuta. Usiku alendo amawapatsa matelesikopu ang'onoang'ono, kutali ndi kumene akatswiri akugwira ntchito.

Ine ndinapitira nyenyezi imodzi, Canopus, yowala kwambiri m'gulu la nyenyezi lotchedwa Carina. Munali mu February, mwezi kulibe, ndipo mdima utagwira bwino Canopus inali pamwamba kwambiri chakummwera, moti munthu umafunika kubenthula khosi. Chakumpoto pang'ono kunali Sirius. Ziwirizi ndi zimene zimatsogola pa nyenyezi zonse za usiku: Sirius yoyamba, Canopus yachiwiri. Pa muyeso wa akatswiri, umene nambala ikamatsika ndiye kuti nyenyezi ikuwala kwambiri, Sirius ili pa -1.46 pomwe Canopus ili pa -0.74. M'maso mwa munthu, Sirius imawala pafupifupi kawiri, ndipo imaphethira yoyera mopita ku buluu. Canopus ndi yodekha, yoyera ngati yapakidwa chikasu pang'ono.

Kamnyamata kena m'gulu lathu, katavala chipewa mpaka m'makutu, kanasuzira mu telesikopu n'kubwerera m'mbuyo kali khuma.

"Amalume, bwanji sinakule? Ndi kadontho komwe kaja."

Wotitsogolera anaseka n'kukauza kuti ngakhale makina aakulu amene tinaona masana aja sangaionetse ngati mpira. Ili kutali kwambiri. Kuti ayeze m'mimba mwake, akatswiri anachita kuphatikiza kuwala kochokera m'matelesikopu angapo nthawi imodzi ku Paranal, m'dziko la Chile.

Kutalikako ndiye mutu wa nkhani yonse. Kuwala kwa Sirius kumatenga zaka 8.6 kuti kutipeze, pomwe kwa Canopus kumatenga zaka pafupifupi 310. Choncho Canopus ili kutali kuwirikiza ka 36, ndipo popeza kuwala kumazirala mogwirizana ndi mtunda utachulukitsidwa ndi mtunda womwewo, kumafika kuno kutachepa ka 1,300 poyerekeza ndi mmene kukanakhalira ikanakhala pamalo a Sirius. Komabe imangopambanidwa kawiri kokha! Sirius imatulutsa kuwala kwa madzuwa 25, Canopus kwa madzuwa oposa 10,000. Mukanaisuntha n'kuiika pamene pali Sirius, bwenzi ikuposa Venus kutalitali ndipo anthu akuona zithunzithunzi zawo pansi usiku wopanda mwezi. Sirius ndi nyali ya pakhonde la mnansi, Canopus ndi moto wolusa paphiri la kutsidya.

Mtundawu sunadziwike msanga. Kwa zaka zambiri mabuku ankasemphana, ena akuti zaka za kuwala zosakwana 100, ena akuti zoposa 1,000, ndipo aliyense ankapeza mphamvu ya nyenyeziyi mosiyana ndi mnzake. Imene inathetsa mkangano ndi setilaiti ya Hipparcos, yomwe inaulutsidwa mu 1989. Inkayeza kasunthidwe kakang'ono kamene nyenyezi imaoneka kuti yachita dziko lathu likachoka mbali ina ya dzuwa n'kufika mbali inayo.

Zina zonse amaziwerenga m'kuwala kwake. Pamwamba pake pamatentha pafupifupi madigiri 7,000, pomwe pa dzuwa lathu ndi 5,500, n'chifukwa chake ndi yoyererapo. M'mimba mwake mungalowe madzuwa oposa 70 atandanda, moti itaikidwa pamalo a dzuwa ingatsale pang'ono kufika m'njira imene Mercury imazungulira. Kulemera kwake ndi kwa madzuwa 8 mpaka 10. Nyenyezi zolemera chotere zimadya nkhuni zake mwaliwiro: dzuwa lakhala zaka 4.6 biliyoni likuyaka ndi haidrojeni ndipo likadali pakati pa moyo wake, koma Canopus, pa zaka mamiliyoni makumi ochepa chabe, inamaliza kale haidrojeni wa pakatikati pake ndipo tsopano ikuwotcha hiliyamu. Kutupa kwakeko ndi ukalamba.

Nkhani ya dzina ndi imene inandichedwetsa panja anzanga atayamba kuthawira m'galimoto chifukwa cha mphepo. Kwa Agiriki akale, nyenyeziyi inali pa chiwongolero cha Argo, chombo cha Jason, ngwazi ya m'nthano zawo, gulu limodzi mwa magulu 48 amene katswiri wa zakuthambo Ptolemy analemba ku Alexandria. Dzina loti Canopus, malinga ndi nthano yawo, linali la woyendetsa chombo cha mfumu Menelaus, amene analumidwa ndi njoka n'kufera m'mphepete mwa nyanja ku Egypt pobwerera kuchokera ku nkhondo ya Troy. Taonani, woyendetsa chombo cha mwini anamukweza m'chombo cha wina, ndipo palibe amene anadandaula.

Mu 1603 Johann Bayer anayamba kupatsa nyenyezi zilembo za Chigiriki, Alpha, Beta, Gamma ndi zina, motsagana ndi dzina la gulu. Ambiri amaganiza kuti Alpha nthawi zonse ndiye yowala koposa, koma Bayer sankayeza mosamala choncho. Mu Orion, Alpha ndi Betelgeuse ngakhale kuti nthawi zambiri Rigel, imene ndi Beta, ndiyo imawala kwambiri. Mu Gemini, Pollux imaposa Castor koma ndi Beta. Kwa Canopus kunalibe chokaikitsa, inakhala Alpha ya Argo.

Vuto linali lakuti Argo inali yaikulu mopitirira muyeso. Amene anaiphwasula ndi Nicolas-Louis de Lacaille wa ku France, yemwe anafika ku Cape Town mu 1751 n'kumanga kachisakasa koonera nyenyezi mu Strand Street, msewu umene lero ndi wodzaza mabasi ndi phokoso. Ndi katelesikopu kakang'ono zedi analemba nyenyezi pafupifupi 10,000, napanga magulu 14 atsopano, lina n'kulitcha Mensa polemekeza phiri la Table. Argo anaigawa patatu: Carina, umene ndi msana wapansi pa chombo, Puppis, kumbuyo kwake, ndi Vela, matanga ake. Zilembo za Chigiriki sanaziyambenso pa chigawo chilichonse, anangogwiritsa ntchito mndandanda umodzi pa chombo chonse, chilembo chilichonse n'kugwera kumene nyenyezi yake yagwera. Alpha ndi Beta zinapita ku Carina. Mpaka lero Vela ndi Puppis zilibe Alpha kapena Beta. Yowala kwambiri mu Vela ndi Gamma, mu Puppis ndi Zeta. Bungwe la International Astronomical Union litalemba malire a magulu 88 mu 1930 linasiya zinthu momwemo, ndipo mu 2016 linavomereza dzina la Canopus kukhala lovomerezeka la Alpha Carinae.

Sindikangana nawo za dzinalo, pamafunika limodzi loti onse azimvana. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti linachokera kwa anthu amene nyenyeziyi sankaiona bwino. Ku Athens imatsala pansi pa chizimezime, ku Rhodes imangosuzumira pang'ono, ku Alexandria imakwera madigiri ochepa. Posidonius, katswiri wachigiriki wakale, anagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku poyesa kuwerengera kukula kwa dziko lapansi. Ku China ankaitcha Nkhalamba ya Kummwera, ndipo poti inali yovuta kuiona, woiona ankati wapeza mwayi wa moyo wautali. Aluya amaitcha Suhail, ndipo ikatulukira m'bandakucha kumapeto kwa August amadziwa kuti kutentha koopsa kwayamba kugonja. Kummwera kwa Africa, kumene imadutsa pamwamba pa mutu, Asotho ndi Atswana amaitcha Naka. Iwo ankaidikira kumapeto kwa May monga chizindikiro cha chisanu, ndipo woyamba kuiona ankalandira ng'ombe kwa mfumu. Axhosa amaitcha uCanzibe, dzina limenenso amatchulira mwezi wa May. Mphoto ya ng'ombe ija ikusonyeza kuti kwa iwo sinali nkhani ya nthano, inali kalendala.

Makina nawonso anaidalira. Popeza ndi yowala ndiponso ili kumbali, kutali ndi njira imene dzuwa ndi mapulaneti zimadutsa, chombo cha m'mlengalenga chikaloza diso limodzi ku dzuwa, lina ku Canopus, chimadziwa mmene chatembenukira. Mariner 4 inayenda choncho popita ku Mars mu 1964, ndipo zombo za Voyager zinanyamula chida chomwecho.

Tisanatseke, wotitsogolera anatembenuzira telesikopu kummwera chakummawa, m'kati mwa Mlalang'amba, pa mtambo wa mpweya wa Carina. Pakati pake pali kanyenyezi kofiirira, Eta Carinae, kamene popanda makina kamangooneka movutikira. John Herschel, katswiri wa zakuthambo wa ku England, ali ku Cape anakaona kakuyamba kuyaka modabwitsa mu December 1837, ndipo mu March 1843 kanaposa Canopus n'kukhala kachiwiri kwa Sirius, kali pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 7,500. Kenaka kanazirala mpaka kusowa m'maso kwa zaka zambiri, katakwiririka m'fumbi limene kanalavula kokha. Kuyambira cha m'ma 1940 kakhala kakuwalira pang'onopang'ono, ndipo akatswiri amakayang'anira pafupi chifukwa kali m'gulu la nyenyezi zimene zidzathere pophulika.