Tsiku limene banki inanditsekera akaunti soya ali pa sikelo

Linali Lachiwiri, mwezi wa Meyi chaka cha 2024. Ndinadzuka kusanayere kuti ndikatape ndalama m'tauni ku Lilongwe ndisanapite ku Mitundu, kumene ndimagula soya ndi mtedza. Amene munagulapo mbewu mukudziwa kuti Meyi ndi mwezi wosagona tulo. Mlimi akakankha njinga yake kuchokera kumudzi, thumba lili pakaliyala, safuna kumva za mawa. Akufuna ndalama m'manja pompopompo, ndipo ukangoyamba kukanda m'mutu amapitirira kukaima pa sikelo ya mnzako.

Ndinalowetsa khadi mu ATM, kulemba nambala yanga yachinsinsi, makina n'kulavula khadilo. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mlonda amene anali pakhomo anati, "Mayi, mwina ndi netiweki, tayesani makina enawo." Ndinayesa. Kenako ndinatulutsa foni kuti ndingokankhira ndalamazo ku Airtel Money, koma uthenga umene unabwera unati akauntiyo sikupezeka. Apa mpamene m'mimba munatentha.

Atatsegula zitseko ndinali woyamba kulowa. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta, kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso pa kompyuta. Anatsitsa mawu. "Mayi, takhalani pampandopo, abwana akuthandizani." Ndinakhala pafupifupi ola lathunthu chikwama chili pamiyendo, foni ikungolira, mnyamata wanga wa pa sikelo akufunsa kuti alimi awauze chiyani.

Bambo amene anandiitanira m'kaofesi anali aulemu ndithu, sindingawanamizire. Anati akaunti yanga inatsekedwa, ndipo banki inandilembera kalata m'mwezi wa Malichi yondidziwitsa. Ndinati kalata sindinaione. Atawerenga adiresi imene anatumizako, inali bokosi la ku positi ofesi la kampani imene ndinasiyako ntchito mu 2020. Nditafunsa chifukwa chotsekera, anati banki yasankha kuthetsa ubale wake ndi ine, molingana ndi mfundo zimene ndinasainira potsegula akaunti. Ndinafunsanso, ndinalakwa chiyani? Anabwereza mawu omwewo, osawonjezera kapena kuchotsa. Nanga ndalama zanga? "Zili bwinobwino mayi, koma zituluka akulikulu akamaliza kuunika." Liti? Sanathe kunena.

M'akauntimo munali K6,800,000. Kwa ena ndi zochepa, kwa ine unali mpamba wonse wa chaka. Ndiponso si zonse zinali zanga. K2,000,000 inali ya achimwene anga amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg, ndipo ankatumiza pang'onopang'ono kudzera pa Mukuru kuti tigulire limodzi soya. K900,000 ndinakongola ku banki m'khonde ya amayi a kwathu ku Area 36, yoti ndibweze ndi chiwongoladzanja pakutha pa mwezi.

Ndikutuluka m'banki muja ndinkaona ngati aliyense akundiloza. Moyo wanga wonse sindinabepo ngakhale tambala ya munthu, koma tsiku limenelo ndinayenda ngati wakuba amene wagwidwa pamsika. Manyazi amenewo anandipweteka kuposa ndalamazo.

Sabata yoyamba ndinaitaya. Ndinkangopita ku banki m'mawa uliwonse, kukweza mawu, kulira, kufuna kuonana ndi manejala, n'kubwerera chimanjamanja. Amene anandikhazika pansi ndi mayi wina wa mvano kumpingo kwathu, amene anagwirapo ntchito m'banki zaka zambiri asanapume. Anandiitanira kwawo, kundithirira tiyi, n'kundifunsa funso limodzi: "Potsegula akauntiyo munalemba kuti ndalama zanu zimachokera kuti?"

Ndinatsegula mu 2013, ndili sekilitale. Pafomu ndinalemba kuti ndimalandira malipiro a pamwezi, ndipo malipirowo anali ochepa. Ntchito itatha nthawi ya Covid-19 ndinayamba geni ya mbewu, koma akaunti inali yomweyo. Zitupa za unzika zitabwera mu 2017, mabanki anayamba kuitana anthu kuti akapereke ziphaso zawo, ndipo ine ndinapita, anajambula chiphaso changa, basi. Palibe anandifunsa ngati ndikadali pantchito, nanenso sindinaganize zonena. Pamenepa ndinalakwa, ndipo ndikuvomera.

Mayi aja anandifotokozera mmene zimaonekera kwa munthu amene ali kuseri kwa kompyuta. Akuona sekilitale amene malipiro ake anasiya kulowa zaka zinayi zapitazo. Ndiye mwadzidzidzi mukulowa ndalama za mamiliyoni, zina zoikidwa pamanja, zina zochokera ku manambala a foni osiyanasiyana, ndipo pasanathe masiku awiri zonse zatapidwa. Kwa ife a mbewu umenewo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku: wagulitsa ku Kanengo, walandira, watapa, wabwerera kumudzi kukagula ena. Kwa iwo zimafanana ndi mayendedwe a ndalama zakuba zimene munthu akufuna kuzibisa. Anati pali lamulo la Financial Crimes Act la 2017, limene limakakamiza mabanki kudziwa bwino kasitomala wawo ndi kumene ndalama zake zikuchokera, ndipo akaona zokayikitsa amayenera kudziwitsa bungwe la Financial Intelligence Authority. Lamulo lomwelo limawaletsa kuuza mwini akaunti kuti amuneneza. "Ndiye mwana wa pakauntala uja musamukalipire," anatero. "Mwina sakudziwa, ndipo ngakhale atadziwa sanganene. Lembani kalata. Zapakamwa zimauluka ndi mphepo. Mulembe ziwiri zofanana, imodzi adinde chidindo ndi deti, mubwere nayo kunyumba."

Usiku umenewo ine ndi bambo a kunyumba tinayala mapepala onse pamkeka. Chimene chinandipulumutsa ndi kabuku kanga ka pa sikelo. Ndi kope wamba lachikuto cholimba, lakuda ndi fumbi la soya, pakona pali banga la mafuta ophikira. Tsamba lililonse ndinalijambula mizere ndi lula: deti, dzina la mlimi, mudzi wake, makilogalamu, mtengo, ndalama zimene walandira. Amene amatha kulemba amasaina, ena amadinda chala ndi inki ya bolopeni. Ndinayamba kulemba choncho chifukwa choopa mikangano ya pa sikelo, osadziwa kuti tsiku lina kabukuka kadzandiyankhulira pamaso pa akuluakulu a banki. Tinapezanso malisiti a Mukuru, ena atafufutika moti tinachita kuwayang'anitsitsa ndi tochi ya foni, mapepala operekera katundu ku fakitale yoyenga mafuta ku Kanengo, ndi chiphaso changa chogulira mbewu chochokera ku unduna wa zaulimi. Tinatenga sitetimenti yakale n'kuyamba kulondola ndalama iliyonse yolowa: iyi ndi ya matumba 60 a tsiku lakuti, iyi ndi ya achimwene, iyi ndi ya amayi a gulu. Tinagona tambala atalira kawiri.

M'kalatamo sindinatukwane kapena kuopseza. Ndinafotokoza kuti ndine yani, ntchito inatha liti, geni ndinayamba liti. Ndinapempha kuti andiuze molemba tsiku limene ndalama zanga zidzatuluke, kuti aunikenso chiganizo chotseka akaunti poona umboni umene ndaphatikiza, ndiponso kuti andiuze chifukwa chimene sanandiimbire foni, pamene nambala yanga ali nayo. Mafotokope okha anandidyera K14,000. Mlembi wa manejala poyamba anati ndingosiya envulopu patebulo. Ndinakana mwaulemu, ndinaima pomwepo mpaka anadinda.

Kenako kudikira. Masiku amenewa ndi amene sindifuna kuwakumbukira. Achimwene anaimba pa WhatsApp usiku wina, mawu ali ozizira. "Achemwali, tandiuzani zoona. Ngati zinasokonekera nenani, ndine mlongo wanu." Munthu amene amasenza matumba a simenti m'dziko la eni, kudzimana kuti atumize kumudzi, anali ndi ufulu wofunsa. Koma ndinalira nditadula foni. Ndinawatumizira chithunzi cha kalata yodindidwa ija, ndipo mpamene anakhulupirira.

Lamulungu la kumapeto kwa mwezi linali tsiku lobweza ngongole ku banki m'khonde. Amayi makumi awiri atakhala pamikeka, bokosi lamaloko atatu lili pakati, mlembi akuitana mayina. Litafika langa ndinaimirira ndilibe kanthu m'manja koma pepala lija. Mayi mmodzi ananena poyera kuti nkhani za banki tamva zambiri, aliyense akalephera amanamizira banki. Sindinamuyankhe. Amayi apampando analandira pepalalo, kuliwerenga pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Chidindochi si cha mbatata. Tiwapatse mwezi wina, koma chiwongoladzanja chiyendebe." Ndinavomera. Malamulo a gulu tinapanga tokha, sindikanapempha kuti awaphwanye chifukwa cha ine.

Patatha masabata awiri banki ili chete, ndinabwerera kwa mayi a mvano aja. Anati tsopano nthawi yakwana yopita kwa woyang'anira mabanki. Ambiri sitidziwa kuti pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010 pali Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, a inshuwalansi ndi a penshoni. Ine ndinkaganiza kuti ku Reserve Bank kumalowa a masuti okhaokha. Ndinakwera minibasi ya ku City Centre nditavala chitenje changa, fayilo ili m'khwapa. Funso loyamba limene anandifunsa linali lakuti, kodi mwayamba mwadandaula ku banki yanuyo? Ndinatulutsa kalata yachidindo. Ndikanapita ndi pakamwa pokha, bwenzi atandibweza kuti ndikayambire komweko. Analandira dandaulo langa, ndipo sindinalipire kalikonse.

Sipanathe masiku khumi, banki inandiimbira, pa nambala yomwe ija imene inali m'kompyuta mwawo nthawi yonseyi. Ulendo uno sanandikhazike pabenchi. Manejala anali ndi mayi wina wochokera kulikulu, ndipo mayiyo ndi amene anatsegula kabuku kanga. Anayamba kuvundukula mofulumira, kenako anachepetsa liwiro, kuika chala pa mzere umodzi, kuyang'ana pa sitetimenti, kubwerera pa kabuku. Anafunsa kuti zidindo za zalazi ndi za ndani. Ndinati ndi za alimi amene sanapite kusukulu. Anakhala chete kanthawi, n'kupempha kuti ajambule masamba onse.

Ndalama zanga zinatuluka patatha masiku 47 chichitikire zija za pa ATM. Zinali zonse, kupatula zimene anadula za mwezi ndi mwezi. Akaunti sanaitsegulenso. Anati ngati ndikufuna nditha kufunsira ina ya bizinesi. Chifukwa chenicheni chotsekera sanandiuze mpaka lero, ndipo kupepesa kumene ndinalandira kunali kwa "kuchedwa" basi.

Ine sindikutsutsa kuti banki izifufuza. Dziko lino taona ndalama za boma zikubedwa kudzera m'mabanki momwemo, nthawi ya Cashgate mu 2013, ndipo palibe amene akufuna zibwerere. Chimene sindikuvomereza ndi njira yake. Banki imene inkanditumizira uthenga pafoni nthawi iliyonse ikadula ndalama zake, inalephera bwanji kutumiza uthenga umodzi woti mayi bwerani mudzafotokoze za geni yanu? Kufunsa munthu kuti ntchito yako ndi yotani masiku ano si kuulula chinsinsi cha boma. Akanandifunsa mu Malichi, ndikanapita ndi kabuku komweka tsiku lomwelo.

Zimene ndinataya sizilembedwa pa sitetimenti. Pofika mu Julaye soya wambiri anali atachoka m'manja mwa alimi, wotsalayo atakwera mtengo. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu ankangokwera mwezi ndi mwezi, moti ndalama imene yagona masiku 47 siinalinso ndi mphamvu yake yoyamba. Ngongole ya gulu ndinabweza ndi chiwongoladzanja cha miyezi iwiri. Achimwene ndinawabwezera ndalama zawo opanda phindu lililonse. Mnyamata wa pa sikelo anakalowa ntchito kwa wina.

Chaka chomwecho ndinalembetsa bizinesi yanga kuboma, ndinatenga nambala yolipirira msonkho (TPIN) ku bungwe lotolera misonkho la MRA, n'kutsegula akaunti ya bizinesi ku banki ina. Pafomu ndinalemba momveka kuti ndimagula ndi kugulitsa mbewu, ndipo ndinawauza kuti kuyambira Epulo mpaka Julaye aziyembekeza ndalama zambiri zolowa ndi kutuluka. Mpamba sindiuikanso malo amodzi. Amayi atatu a gulu lathu, amene anali kuyendetsa geni pa maakaunti amene anatsegula ali pasukulu, ndinawaperekeza ndekha kukasintha mafomu awo.

Kalata ija ya mu Malichi inkandivutitsabe mumtima, ndiye tsiku lina ndinapita ku kampani yanga yakale. Mesenjala amene tinkagwira naye ntchito anafufuza m'katoni ya makalata opanda eni, pansi pa shelefu, n'kuitulutsa. Envulopu yoyera, yosatsegula, dzina langa lili pakawindo. Ndinaitsegulira pomwepo. Munali ziganizo zitatu: banki yaganiza zotseka akaunti yanu, muli ndi masiku 30 oti mukonze zochotsa ndalama zanu, tikuthokoza chifukwa chosunga ndalama ndi ife. Pansi pake panali siginecha yosawerengeka.

Ndinaipinda pakati n'kuiika m'kabuku ka pa sikelo, pa tsamba la Lachiwiri lija. Tsambalo lili ndi deti pamwamba ndi mizere imene ndinajambuliratu usiku wake, koma palibe dzina la mlimi ngakhale mmodzi.