Kuyala matailosi m'shawa kumayambira pa dreni

Nyumba zambiri zimene zikumangidwa kuno ku Mangochi, kuyambira pa Boma mpaka ku Monkey Bay, zikumakhala ndi bafa la m'nyumba lokhala ndi shawa, ndipo eni ake amatha nthawi yaitali m'sitolo akusankha mtundu wa matailosi ndi kuwala kwake. Chimene sachiganizira kawirikawiri ndi kabowo kotulukira madzi kaja, kamene amisirife timati dreni. Komatu malo amene amagamula ngati bafa lizikhala louma kapena lachinyezi ndi masentimita ochepa ozungulira dreniyo, n'chifukwa chake ine ndimayamba kuyeza kuchokera pamenepo, osati pakhomo kapena pakhoma.

Pansi pa shawa payenera kutsetsereka kulowera ku dreni kuchokera mbali zonse, ndipo muyeso umene amisiri ambiri timatsata ndi wa masentimita 2 pa mita iliyonse. Mukachepetsa kwambiri, madzi amadikha. Mukachulutsa kwambiri, wosamba amaima mopendekeka ndipo phazi la sopo silichedwa kutereka. Tiyerekeze shawa ya masentimita 90 mbali zonse zinayi, dreni ili pakati. Kuchokera pa dreni kukafika pakhoma pali masentimita 45, koma kukafika pangodya pali pafupifupi masentimita 64. Timawerengera malo akutali kwambiriwo, ndipo tikatero timapeza kuti m'mphepete mwa makoma muyenera kukwera mamilimita 13 kuposa pa dreni. Mzere umenewu timaulemba ndi levulo, chida choyezera ngati mzere sunapendekeke, kuzungulira makoma onse pa msinkhu umodzi, kuti matailosi akukhoma adzakhale pa mzere wowongoka osafuna kudulidwa mopendekeka.

Kutsetsereka kumeneku kumapangidwa ndi matope a simenti ndi mchenga amene timayala pansi matailosi asanabwere. Apa ndi pamene ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ndaona mabafa ambiri amene pansi pake anasalaza mofanana ngati pabalaza, kenako woyala matailosi n'kumayesa kupanga chitsetsereko pochulutsa simenti yomatira kukhoma ndi kuichepetsa pa dreni. Simenti yomatira sinapangidwe kuti ikhale yochindikala choncho. Ikamauma imakhwinyata mosiyana, tailosi lina limamira pamene linzake latukuka, ndipo pansi pake pamatsala mphako zimene mumazimva mukagogoda ndi chala. Matope oyenera ndi a muyeso umodzi wa simenti ku miyeso inayi ya mchenga, osakaniza ndi madzi ochepa kwambiri, moti mukafumbata m'manja amaumbika koma osadontha. Mchenga ukhale wotsukika, wopanda dothi. Mukaupekesa m'manja n'kusiya utoto wa matope, ubwezeni, ngakhale wangolo atanena kuti wachokera kumtsinje.

Pamwamba pa matopewo, akauma, timapaka mankhwala oletsa madzi kulowa, kawiri, kukwera nawo m'makoma ndi kuwalumikiza bwino ndi khosi la dreni. Anthu ambiri amakhulupirira kuti matailosi paokha amatseka madzi, koma grout, imene timatsekera mipata ya pakati pa matailosi, imamwa madzi pang'onopang'ono. Akulu akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo akapeza mng'alu pakhosi la dreni amaudutsa tsiku ndi tsiku mpaka penti wa chipinda choyandikana nacho ayambe kutupa ndi kusupuka. Mankhwala akauma, tsekani dreni, dzazani madzi masentimita angapo, lembani chizindikiro pakhoma, ndipo muwasiye maola 24. Ngati atsika kwambiri, konzani pomwepo tailosi lililonse lisanamatidwe.

Nkhani imene imavuta ndi eni nyumba ndi ya kukula kwa matailosi. Kawirikawiri mayi wapanyumba amandifunsa kuti, "Amisiri, bwanji osangoika omwewa atsala pabalazawa?" Ndimawayankha kuti, "Mayi, atsalawo ndi a masentimita 60, ndipo tailosi silipindika." Pansi potsetsereka kuchokera mbali zinayi ndi pokumbika pang'ono, choncho tailosi lalikulu silingagone bwino pamenepo. Timatailosi ting'onoting'ono ta masentimita 5, timene timabwera titamatidwa pa neti, timatsata chitsetsereko mosavuta, komanso mizere yambiri ya grout imagwira phazi, zimene ndi zofunika m'nyumba mokhala agogo ndi ana. Matailosi onyezimira asiyireni khoma.

Ngati mwini nyumba waumirira matailosi aakulu, njira ilipo koma imafuna dzanja lodekha. Timalemba mizere inayi kuchokera pangodya za dreni kukafika pangodya za shawa, ndipo tailosi lililonse limene mzere walidutsa timalidula pomwepo ndi makina odulira otchedwa grinder, kuti zidutswa ziwirizo zikumane ngati kamgula kotsogolera madzi. Pa chifukwa chimenechi ndimakonda dreni ya ngodya zinayi kuposa yozungulira, popeza mizere yowongoka imadulika bwino ndipo mpata wozungulira sefa, kachivundikiro ka mabowo ka pamwamba pa dreni, umakhala wofanana. Palinso dreni yaitali yoika m'mphepete mwa khoma, imene imalola kuti pansi patsetsereke mbali imodzi yokha ndipo matailosi aakulu amagona osadulidwa, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo iyenera kuganiziridwa pulambala asanakwirire mapaipi.

Musanasakanize simenti yomatira, yalani matailosi onse ouma, kuyambira pa dreni kupita kumakoma. Mukatero mumaona msanga ngati padzatsale kachidutswa kopyapyala pafupi ndi sefa, kamene kamayamba kugwedera pakapita miyezi yochepa, ndipo mumatha kusuntha mzere wonse kuti zidutswa zodulazo zikagwere kukhoma. Tailosi loyandikana ndi dreni likhale pamwamba pa sefa ndi milimita imodzi kapena awiri. Sefa ikatukuka ngakhale pang'ono kuposa tailosi, pamakhala kachithaphwi kozungulira dreni kamene sikaphwa, ndipo m'masabata ochepa pamamera ndere zoterera.

Kutentha kwa kuno nako kuli ndi mbali yake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala simenti yomatira imayamba kuuma pamwamba m'mphindi zochepa, moti mukaipaka malo aakulu nthawi imodzi, matailosi omalizira amangokhala pamwamba osagwira. Ndimasakaniza pang'onopang'ono, ndimayamba m'mamawa, ndipo nthawi ndi nthawi ndimatukula tailosi limodzi kuona ngati kunsi kwake konse kwagwira simenti. Ikayamba kulimba m'ndowa, siyenera kuwonjezedwa madzi. Grout imabwera pakapita maola osachepera 24, ndipo pamene pansi pakumana ndi khoma timaika silicone, phala lomatira lokhala ngati labala, chifukwa malo amenewo amasuntha pang'ono ndipo grout imang'ambika.

Kwa amene ali ndi nyumba kapena malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, monga ku Nkopola kapena ku Cape Maclear, mdani wina ndi mchenga wa m'mapazi a anthu ochokera kosambira. Umatsikira mu thirapu, kapaipi kopindika kamene kamasunga madzi kuti fungo la m'dzenje lisabwerere m'nyumba, ndipo umaunjikana mmenemo pamodzi ndi tsitsi. Choncho sankhani dreni ya sefa yochotseka, ndipo muonetsetse kuti woyala matailosi sanaimatirire ndi grout. Paipi yotulutsa madzi ikhale ya mamilimita 50. Pa nthawi ya ntchito dreni itsekedwe ndi nsanza kapena tepi, chifukwa simenti ikagwera mu thirapu n'kuuma, kuichotsa kumafuna kuswa pansi pomwe mwangomaliza kumene.

Grout ikauma, musanapereke ndalama zomaliza, tengani ndowa ya madzi muthire pangodya iliyonse ya shawa, mmisiri ali pomwepo. Madzi ayende okha kupita ku dreni popanda kuwakankha ndi tsache kapena phazi, ndipo asapite kukhomo. Dikirani mphindi zingapo, kenako gwadani muyang'ane chopingasa ndi tochi. Ngati pali malo amene madzi adikha, alembeni ndi choko, ndipo tailosi limenelo lichotsedwe n'kumatidwanso sabata yomweyo simenti isanalimbitsitse.