Mfuti ya amalume inakapimidwa ku Lusaka

Tinanyamuka ku Chipata Lachisanu mbandakucha, anthu 7 pa minibasi yahayala, mfuti 4 zili m'mabokosi okhoma ndipo zipolopolo zili kwazokha. Anzathu a kalabu ina yowombera chandamale ku Lusaka ndiwo anatiitana kuti tidzaone m'mene amachitira. Za msewu wa Great East sindinena zambiri: nthochi pa Nyimba, nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa, ndi kuonetsa malaisensi a mfuti kwa achitetezo, amene anawerenga manambala imodziimodzi osathamanga. Makilomita oposa 550 aja tinawamaliza dzuwa litapendeka, ndipo tinakagona ku Chelstone.

Ine ndinali ndi mlandu wanga paulendowu. Mfuti yanga ya .22 inali ya malemu amalume, ndipo kale pa mamita 50 mabowo 5 ankaphimbika ndi kakobiri kamodzi. Chiyambire dzinja lapita inayamba kumwaza ngati munthu wofesa mawere, makamaka chokwera ndi chotsika. Mumtima ndinali nditaweruza kale kuti mpope wa mfutiyo, modutsa chipolopolo, watha, ndipo ndinali nditayamba kufunsa mitengo.

Loweruka m'mawa anatitengera kubwalo lawo kunja kwa tawuni. Asanatsegule bokosi lililonse, woyang'anira bwalo anatiimika pamzere nkutiuza malamulo: bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, ikhale yotsegula, kukamwa kwa mfuti kuloze kuchulu cha dothi, ndipo munthu akapita kukaona chandamale palibe wokhudza mfuti. Kenako anatipereka m'manja mwa mdala wina wa imvi, amene onse kumeneko amangomutcha Madala.

"Vuto n'chiyani, mwananga?" anandifunsa.

"Mpope watha, Madala."

"Wakuuzani ndani?"

Ndinasowa choyankha. Iwo anaseka nkunena kuti chipolopolo cha .22 n'chamtovu wofewa, chopakidwa phula, ndipo onga wake ndi wochepa, choncho mpope wake umapirira zipolopolo masauzande ambirimbiri. "Inu ndi amalume anu simunawombe zokwana kuutha. Tiyambe ndi zosalira ndalama."

Anandiuza ndiwombe kasanu m'mene ndimachitira kwathu. Mabowo anatalikirana pafupifupi masentimita 6. Kenako anakhala iwo, mfuti itatsamira pamatumba a mchenga, zipolopolo zomwezo. Zinamwazikanso, kungoti pang'ono. Apa anati tadziwa chimodzi: mlandu suli wa munthu yekha. Mtima wanga unakhala pansi, koma ndinafulumira.

Chimene chinandigwira mtima ndi dongosolo lawo. Sankalola kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Tikakhudza chimodzi, tiwombe magulu awiri a zipolopolo 5, tilembe m'kope, ndiye tipite kwina. Mnzathu wina wa ku Katete, wopupuluma mwachibadwa, ankafuna timange zonse, titsuke, tisinthe zipolopolo, tione. Madala anati, "Achimwene, mukamwa mankhwala atatu pamodzi nkuchira, mawa mukadwalanso mudzagula ati?"

Anayamba ndi scope, galasi la pamwamba pa mfuti losuzumiramo polozetsa chandamale. Mabawuti ake anali olimba. Anandiuza ndiike mfuti pamatumba osaigwira, ndisuzumire, ndiyendetse mutu pang'ono uku ndi uku. Kamtanda ka mkati mwa scope kanayenda pachandamale pomwe mfuti ili phee. Imeneyo ndiyo parallax. Scope yanga ndi yosakira nyama, yokonzedwera mtunda wa mayadi 100, ndiye pa mamita 50 tsaya likangokhala posiyana ndi poyamba, chipolopolo chimapitanso posiyana. Yanga ilibe potembenuza, choncho anandimatira kansalu pathabwa la mfuti kuti tsaya lizitera malo amodzi.

Kenako anatulutsa ndalama yapepala m'thumba nkuilowetsa pakati pa mpope ndi thabwa, nkumaikokera kumbuyo. Inangoyenda pang'ono nkukakamira chakumanzere. Thabwa linali litafufuma ndi chinyezi cha dzinja nkupindika, ndipo linkakankha mpope. Anafotokoza kuti mfuti ikalira mpope umanjenjemera, ndipo chofunika n'chakuti uzinjenjemera mofanana nthawi zonse. Thabwa likaukhudza, kunjenjemerako kumasintha malinga ndi m'mene mwaitsamiritsira. Pomasula kuti apale ndi sandipepa, anapeza china chondichititsa manyazi: pa mabawuti awiri omangira chitsulo kuthabwa, lakutsogolo linatembenuka popanda mphamvu iliyonse. Zaka zonsezi sindinaligwirepo. Atapala, anamanga pang'onopang'ono, kuwomba, kuwonjezera pang'ono, kuwombanso, mpaka mabowo anasiya kukwera ndi kutsika. Anachenjeza kuti kumanga mopitirira kumaphwanya thabwa ndipo vuto limabwerera.

Apa gulu linali litatsika kufika masentimita atatu, ine ndakhutira kale. Madala ayi.

Anayang'ana kukamwa kwa mpope ndi galasi lokulitsa zinthu. Pamenepo pakakhala kachilema, mpweya umatulukira mbali imodzi nkukankha chipolopolo. Panga panali bwino, ngakhale anandidzudzula atamva kuti ndimalowetsa ndodo yotsukira kuchokera kutsogolo. Iyenera kulowera kumbuyo, bolt itachotsedwa. Mnyamata wina wa kalabuyo anabweretsa kakamera kolowa mumpope kolumikiza ku foni, ndipo tonse tinaunjikana kuona. Patsogolo penipeni pa malo okhala chipolopolo panali mkombero wakuda wa mwaye wouma. Mkombero umenewu umakanda mtovu chipolopolo chisanayambe n'ulendo womwe. Anaunyowetsa ndi mankhwala, tinakadya nsima ya nkhuku yachikuda, pobwera anaupukuta ndi kabulashi.

Zipolopolo zoyamba titatsuka zinapita kulikonse, mtima wanga nkugwa. Anati ndisawerengere: mpope wotsukidwa umafuna phula liyalenso, ndipo zimenezi zimachitikanso ukasintha mtundu wa zipolopolo. Tinataya 15 m'chulu tisanayambe kulemba.

Nkhani ya zipolopolo ndiyo inatenga masana onse, ndipo inabutsa mkangano. Kwathu timagula zothamanga kwambiri chifukwa ndizo zimapezeka komanso timaganiza kuti liwiro ndiye ubwino. A ku Lusaka amawombera zolemera magreni 40 (pafupifupi magalamu 2.6) zoyenda pafupifupi mamita 325 pa sekondi, kutsikirako pa liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita 343 pa sekondi kukatentha madigiri 20. Chothamanga kuposa pamenepo chimatsika liwiro chili m'njira, ndipo podutsa malirewo chimagwedezeka. Chodabwitsa n'chakuti mphepo imakankha kwambiri chothamangacho kuposa chofatsacho. Tcheyamani wathu anakana kwamtuwagalu mpaka ataona yekha papepala.

Anatibwereka mitundu itatu, ya Eley, ya Lapua ndi ya SK, kuti tiyese. Mfuti yanga inakonda ina, ya mnzathu wa ku Katete inakonda inanso, ndipo yodula kwambiri sindiyo inapambana pa mfuti zonse. Madala anati ngakhale mtundu umodzi umasiyana malinga ndi nambala ya lot yolembedwa pabokosi, yosonyeza gulu lomwe zinapangidwira pamodzi kufakitale. Popeza moto wa .22 umayakira m'mphepete mwa katiriji, pomwe pali mankhwala oyatsira, kamsomali komenya kakafooka kapena kakamatidwa ndi girisi wakale, moto suyaka mofanana. Anatiletsanso chizolowezi chathu chokhethemula mfuti yopanda kanthu, chifukwa pa mfuti zambiri zakale kamsomaliko kamamenya chitsulo cha mpope nkuchitupitsa.

Cha m'ma 4 koloko mphepo ya mu Ogasiti inadzuka ndi fumbi lake. Gulu langa lomaliza linali la mabowo anayi okhudzana, osakwana masentimita awiri, ndi limodzi lothawira kumanja. Ndinatembenukira kwa Madala kuti tione chatsala n'chiyani pamfuti. Iwo anangoloza timbendera tamapulasitiki tomwe anazika m'bwalomo. "Pamene mumakhethemula, timbendera tonse tinali titagona chakumanja. Munayang'ana?" Sindinayang'ane. Pa mamita 50 mphepo ya makilomita 16 pa ola imasuntha chipolopolo kuposa masentimita awiri, pomwe kabwalo kapakati ka mapointi 10 pachandamale cha mpikisano wa ISSF, bungwe la dziko lonse la masewera owombera, ndi mamilimita 10.4 okha. Kwathu ku Chipata tilibe ngakhale kambendera kamodzi.

Lamulungu m'mawa tinanyamuka. M'minibasi tinagwirizana kuti pamsonkhano wotsatira tidzapempha kalabu igule sipanala yoyezera mphamvu yomangira ndi kope la mfuti iliyonse, ndipo timbendera tidzasoka tokha. Anzathu a ku Lusaka adzabwera kwathu mvula isanayambe. Madala anati adzayambira pa mfuti ya Tcheyamani, yomwe Tcheyamaniyo sanaitulutse m'bokosi tsiku lonse.