Tsiku limene ndinaphunzitsa Chingerezi ndi msana

Pa bolodi ndinalembapo mawu anayi: glide, slide, slip ndi skid. Linali tsiku lobwera oyendera sukulu, ndipo a hedi anasankha kalasi langa la Fomu 3 kuti mlendo akaonere. Ana athu amachiopa Chingerezi chifukwa ukachilephera pa mayeso a MSCE satifiketi supata, ngakhale masamu utawakhoza chotani. Ndiye ine ndinafuna mlendoyo achoke akudziwa kuti pasukulu pathu pali mphunzitsi.

Vuto la mawu anayiwa n'lakuti mwana aliyense ukamufunsa tanthauzo amangoti kuterereka, onse anayi. Sakunama kwenikweni, koma eni chiyankhulo anawagawa. Glide ndi kuyenda mosalala, mwakachetechete, osaoneka kuti ukuvutika, ngati mphamba akatambasula mapiko n'kumangozungulira pamwamba pa anapiye osakupiza. N'chifukwa chake ndege yopanda injini amaitcha glider. Slide ndi kuyenda ukukhudzabe pansi, ngati ana akamatsetsereka pachulu atakhalira chigubu chodula. Slip ndiye palibe amene amafuna, phazi limangokuthawa lokha. Skid nthawi zambiri ndi ya matayala, monga wakabaza akamanga mabuleki pamchenga njinga n'kupita cham'mbali. Chomwe chimandipweteka mutu chaka chilichonse ndi nthawi yakale ya mawuwa. Glide imakhala glided, koma slide imakhala slid. Ana amasinthanitsa, amalemba glid ndi slided, ndipo ukawafunsa amati akutsata lamulo lomwe munawaphunzitsa nokha.

Zinthu ziwiri sindinaziwerengere. Choyamba, dzulo lake a hedi analamula kuti kalasi likolopedwe ndi kupakidwa kobala wofiira, ndipo atsikana anapaka kawiri, n'kupukuta ndi nsanza mpaka simenti inkaonetsa nkhope. Chachiwiri ndi nsapato zanga. Ndinazigula pakaunjika sabata yomweyo, zakuda, zosongoka, mkati munalembedwa Italy, kunsi kwake chikopa chosalala ngati mbale. Mayi a kunyumba anandichenjeza kuti ndiyambe ndazikhula pamwala. Ine ndinawayankha kuti nsapato ya ku Italy sakhula pamwala ngati mpeni.

Mlendo anali mayi wachikulire wovala magalasi. Anakana kukhala kumbuyo, anakhala patebulo langa pafupi ndi chitseko, fayilo pamanja, botolo la madzi pambali. Phunziro linayamba bwino zedi. Ndinawonjezera ngakhale mawu omwe sanali mu pulani: float, kuyandama, drift, kutengedwa ndi madzi kapena mphepo ngati bwato lopanda wopalasa, coast, kutsika mtunda panjinga miyendo ili phee. Ndinawauzanso kuti munthu akakhoza mayeso mosavuta amati he sailed through, ngati ngalawa ikankhidwa ndi mphepo. Mayi aja anagwedeza mutu n'kulemba kanthu. Kugwedeza kumeneko ndiko kunandipha, chifukwa mtima unakula.

Ndinati, "Now, class, watch me. I am going to glide."

Ndinabwerera mpaka pawindo, ndinatambasula manja ngati mphamba uja, n'kudzikankha ndi phazi lamanzere. Ndikulumbira, poyamba zinatheka. Ndinayenda ngati sindikugunda pansi, tayi ikuuluka, ana onse kukamwa yasa. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Eee, Sala!" Pamenepo ndinayenera kuima. Koma nsapato za ku Italy zinali zitagwirizana kale ndi kobala, ine osandiuza. Ndinapitirira bolodi lonse, mawu anga anayi akudutsa m'maso limodzilimodzi. Ndinayesa kuponda mwamphamvu, phazi lamanja linapita kutsogolo, lamanzere linatsalira ngati laiwala kanthu, ndipo pakati pa awiriwo thalauza inapereka chigamulo chake mokweza, kalasi lonse linamva. Ndinagwira tebulo kuti lindipulumutse, nalonso linanyamuka, botolo la mlendo linagubuduka, ine chagada, khu! Choko chinauluka, nsapato imodzi inatulukira pakhomo yokha.

Kalasi lonse zii. Ndili chigonere ndinaona malata athu koyamba bwinobwino, ndinawerenga mabowo atatu.

Mayi aja anadzuka, anatola botolo lawo, anandifunsa chapansipansi, "Aphunzitsi, mwavulala?" Nditakana, anatembenukira kwa ana n'kufunsa m'Chingerezi kuti aona chiyani. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene chiyambire Fomu 1 sindinamumvepo akuyankha funso, anakweza dzanja.

"Sir glided, then he slid, then he slipped."

Glided, slid, slipped. Zonse molondola, mundondomeko wake. Zaka zonse ndinavutika ndi cholembera chofiira, mwana uyu anangofunika kuona mphunzitsi wake akugwa.

"And did he skid?" anafunsanso mayi aja, nkhope ili gwa ngati ali m'khoti.

Mtsikana wa kutsogolo anayankha, "No, madam. Sir has no wheels."

Apa ndiye kalasi linaphulika, ena kumenya madesiki, ndipo mlendo anabisa nkhope kuseri kwa fayilo, mapewa okha akugwedezeka. Kunena zoona, m'Chingerezi munthu nayenso angathe kuchita skid akatsetsereka osatha kudziimitsa, koma munthu wogona pansi thalauza itang'ambika satsutsa za galamala.

Panatsala mphindi 20. Ndinazimaliza msana uli kubolodi, ndikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, ndipo pofunika kulemba ndinkaitana mwana kuti adzalembe. Belu litalira, mphunzitsi mnzanga wa Jogalafe anandibwereka chitenje, ndinadutsa nacho pabwalo la asembule mpaka kunyumba, nsapato m'manja.

Masana a hedi anandiitana kuofesi. Ndinapita nditakonzeka kukalipiridwa, koma anandiwerengera zomwe mlendo analemba. Anayamikira kuti ana amapatsidwa mpata wolemba okha pabolodi. Anayamikiranso kwambiri TALULAR, njira ija yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Ndinafunsa kuti zinthu zake ziti, poti sindinabweretse tchati ngakhale chimodzi. A hedi anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Usiku mayi a kunyumba akusoka thalauza ija anandifunsa, osadzutsa mutu, ngati ku Italy kuli miyala. Sindinayankhe. M'mawa mwake ndinadzuka kusanache, ndinatenga nsapato zonse ziwiri n'kupita nazo kumwala wochapira kuseri kwa bafa. Ndikukhula chomwecho, ana awiri opita kumjigo anandiona, ndipo wina anandilonjera mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji, a Glider?"