Makina a chiponde anandidyera tsiku lathunthu ku Limbe

Dzulo ndagaya mtedza makilo awiri popanda kumva fungo la waya wopsa m'khitchini, ndiye mtima wakhala m'malo moti nkhaniyi ndingathe kuifotokoza osatukwana munthu. Ndimakhala ku Nchalo. Chiponde cha ana ndimapanga ndekha, nsinjiro zotendera nkhwani ndimagaya ndekha, ndipo nyengo ya malambe ndimapanga timadzi tozizira timene ana a aneba amagula akaweruka kusukulu. Kwa zaka 6 ntchito yonseyi ankandigwirira ndi makina amene alamu anga anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg, aja a mbale yotakata yokhala ndi mpeni wopindika pansi, amene m'masitolo amati food processor. Anafa mu Okutobala, masana, nthawi ija kuno kuchigwa ngakhale nkhuku zimangoyasama pansi pa nkhokwe. Apo sindinamizira munthu, ndinawapha ndekha. Ndinawayendetsa osawapumitsa chifukwa ndinkathamangira kumaliro. Bambo wokonza mawailesi pamsika atatsegula anangonunkhiza n'kunena kuti, "Mayi, mota yapsa iyi. Kuimanganso ndi ndalama yomweyo yogulira ena."

Musanapite kulikonse, dziwani chimene mukufuna, chifukwa m'sitolo akugwiritsani bulenda. Bulenda ndi ija ya jagi yaitali, timipeni take n'tating'ono, ndipo imafuna madzi kuti zinthu zizizungulira. Ya juwisi wa mango ndi tomato wa supu ili bwino. Mukaikamo mtedza wouma, umangomatirira m'mbali, timipeni tikuzungulira pachabe, mota ikulira mpaka kupsa. Chiponde chimafuna mbale yotakata ndi mpeni waukulu wosesa pansi ponse.

Izi ndinkazidziwa, ndiye ndinakwera minibasi ya m'mamawa ndikudzimva kuti palibe angandipusitse. Dyeratu, mlatho wa Kamuzu, Thabwa, kenako phiri lija lokhotakhota lotseka makutu, mpaka mu Blantyre, n'kulumikiza ya ku Limbe. Mitengo inandidodometsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha magetsi chochokera kunja sichigwirika. Ndinazungulira masitolo angapo, kenako ndinaona katoni yowala yolembedwa 1500W m'zilembo zazikulu, mtengo wake theka la enawo. Mnyamata wa m'sitolomo anati, "Amayi, awa ndi amphamvu, ngakhale mafupa amaphwanya." Anawalumikiza kumagetsi, anapokosera ngati njinga ya kabaza yopanda sailensa, ine n'kulipira. Mbale inali yopanda kanthu. Makina alionse amazungulira bwino mbale ikakhala yopanda kanthu, ngakhale chidole cha mwana.

Kunyumba ndi pamene ndinawatembenuza n'kuwerenga kachitsulo komata kunsi. Panalembedwa 350W. Katoni imanama, kachitsulo ka kunsi n'kamene kamanena mphamvu yeniyeni, koma ndani amatembenuza makina m'sitolo mnyamata akukuyamikira chitenje? Anagwira milungu itatu. Tsiku lina mota inkalira bwinobwino koma mpeni uli chiimire. Pakati pa mota ndi mpeni pamakhala kagiya kamene kamalumikiza ziwirizo, ndipo kawo kanali ka pulasitiki yofewa, mano ake onse atatha ngati a agogo.

Tsopano apa ndi pamene pali mkwiyo wanga. Kusitolo kuja anandiuza kuti pali waranti ya miyezi 6, bola ndibwere ndi lisiti. Lisitilo ndinalisunga bwino, m'katoni momwemo, pamwamba pa kabati pafupi ndi zenera la kukhitchini. Nditalitulutsa ndinapeza pepala loyera, ngodya imodzi itada bii, kwinako kulibe chilembo ngakhale chimodzi. Malisiti otuluka m'timakina ta pakauntala alibe inki, zilembo zake zimatuluka ndi kutentha, ndiye kutentha komweko ndi dzuwa zimazifufutanso. Ku Dedza mwina lingakhale chaka. Kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, pansi pa malata, mwezi sunathe. Jambulani lisiti pafoni musanatuluke m'sitolo. Musanatuluke, osati mukafika kunyumba.

Ndinanyamula katoni yanga n'kukweranso phiri. Kondakitala anati katoniyo ilipire mpando wake. Ndinafika sitolo itangotsegula. Mnyamata uja, yemwe uja wa mafupa, anandiyang'ana ngati sitinaonanepo chibadwire. "Mayi, dikirani abwana, apita kubanki." Ndinakhala pakhonde mpaka 11 koloko. "Bwerani 2 koloko." Ndinakagula chimanga chootcha n'kumadyera pa katoni, mphepo ya ku Limbe ikundilowa m'mafupa poti ndinavala za kwathu kotentha. Pa 2 koloko abwanawo anatulukira, anatenga lisiti langa, analiyang'ana kutsogolo, analitembenuza, n'kundifunsa mwaulemu wonyoza kuti, "Mayi, apa mukufuna ndiwerenge chiyani?" Ndinati ayang'ane m'buku lawo, tsiku ndikulikumbuka, linali Lachiwiri. Anati kompyuta ili ndi vuto. Kenako anandilozera chikwangwani chapakhoma chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Pomaliza anati angandithandize mwachifundo: ndisiye makinawo, katswiri wawo amabwera Lachinayi, koma ndilipiretu ndalama yongowayang'ana. Yongoyang'ana! Ndalama yake inali yoti ndikanagulira ndowa ya mtedza, ndipo kukonza kunali kwapadera, thiransipoti yobweranso yanga. Vuto ndinali kulidziwa kale, kagiya kanali m'chikwama mwanga, ndinawaonetsa mano otha aja. Anati malamulo ndi malamulo.

Ndinabwerera ndi katoni yanga. Minibasi inachedwa kudzaza, tinatsika phiri kuli mdima, ndinafika ku Nchalo ana atagona ndi tiyi wokha. Pambuyo pake mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo otere, ndipo chikwangwani chija sichimuchotsera wamalonda udindo ngati katundu ali ndi vuto. Koma ukapita kukadandaula uli ndi pepala loyera, umboni wako n'chiyani? Tabwereranso pa lisiti pomwe paja.

Ndaiwala za pulagi. Makina a alamu aja anali ndi pulagi ya mano atatu ozungulira ya ku South Africa, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu a ngodya. Zaka zonsezo ndinkagwiritsa adaputa yotchipa yomwe inkatentha ndi kugwedera, ndipo ndikukhulupirira kuti nayonso inathandiza kufooketsa mota. Ngati pulagi si yakuno, wamagetsi aidule aike yakuno yokhala ndi fyuzi. Ndipo inu okonda za kaunjika, werenganinso kachitsulo ka kunsi kaja. Magetsi athu ndi 230V. Za ku UK zimagwirizana ndi zathu, koma za ku America ndi za 120V, mukangolumikiza ndi utsi.

Ulendo wachitatu ndinapita ngati wopita kunkhondo, ndi jumbo ya mtedza wokazinga m'chikwama. Masitolo awiri anakana kuti ndiyesere, ndinatuluka osakangana nawo. Yachitatu mayi wina wachikulire anaseka n'kunena kuti, "Asisi, thirani, tidyera limodzi." Ndinayamba ndi kunyamula tsinde lake. Lolemera limatanthauza mota ya waya wambiri, lopepuka ngati mbale ya nsima lisiyeni. Ndinatembenuza, 800W pakachitsulo, chimodzimodzi ndi pakatoni. Kwa mtedza sindingalangize munthu zochepera 600W. Ndinachotsa mbale n'kuyang'ana polumikizira mpeni, ndinafunsa ngati kagiyako ndi mpeni amagulitsa padera, anatulutsa m'dirowa n'kundionetsa. Ndinagula kagiya kena pomwepo kuti kazikhala. Chivundikiro ndinatseka ndi kutsegula kangapo, chifukwa makinawa sayaka ngati chivundikiro sichinakhome, ndipo kakhutu kokhomera kakathyoka ndiye kuti makina onse agona ngakhale mota ili yamoyo. Mbale ndinasankha ya malita 2. Alinso ndi chotetezera choti mota ikatentha kwambiri amazima okha mpaka atazizira, chinthu chimene chikanapulumutsa makina a alamu aja. Mtedza unasanduka nsinjiro, kenako chiponde, tinalawa ndi supuni ya tiyi. Lisiti ndinajambula pa kauntala pomwepo, kawiri, ndinatumizanso kwa bambo a ana pa WhatsApp, ndipo ndinapempha kuti alembe tsiku ndi nambala ya makina ndi bolopeni pa kabuku ka waranti n'kudindapo.

Kunyumba tsopano ndimayendetsa mphindi imodzi, ndipumitse, ndipale m'mbali, ndiyambirenso. Mtedza uzikhala wofundabe kuchokera pamoto, mafuta amatuluka msanga ndipo mota sivutika. Ndimagaya m'mawa kusanatenthe. Chimanga ndi mapira pitani nazo kuchigayo, si ntchito yake. Malambe ndimaviika m'madzi n'kusefa, nthanga zake n'zolimba zimabunthitsa mpeni. Ndikamaliza ndimazula pulagi kukhoma. Chizolowezi chimenechi ndinachiphunzira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi akuzimazima miyezi yambiri, pamene timaopa kuti akabwera mwamphamvu atiotchera katundu. Ndinagulanso fridge guard ina, kachipangizo koteteza katundu magetsi akabwera mwamphamvu, ya soketi ya kukhitchini.

Makina a 1500W aja ali pamwamba pa kabati. Bambo wa mawailesi akuti akapita ku Blantyre andifunira kagiya kolingana nako, papita miyezi iwiri tsopano. Mbale yake ndikuviikiramo malambe.