Mawu othokoza: mvula yachiwiri yalipeza dziwe lathu lisanaume

Mvula yoyamba ya chaka chino yagwa usiku wa Lachiwiri lapitali kuno kwa Santhe, ndipo kutacha ndinatsikira kudambo kukaona ndodo imene tinazika m'dziwe lathu kuti tiziyezera madzi. Kumbali yakuya anali pa masentimita 70. Kwa munthu wongodutsa amenewo ndi madzi opitirira pang'ono m'mawondo, koma kwa ife a m'banja muno akutanthauza kuti dziwe limene tinakumba chaka chatha lasunga madzi kuyambira mu Januwale, lapyola nyengo yachisanu, lapirira dzuwa la mu Okutobala, mpaka mvula ina yalipeza lili ndi madzi. Ndinadziletsa kuthokoza poyera kufikira tsiku limeneli, chifukwa m'dzinja dzenje lililonse limaoneka ngati dziwe.

Chiyambire kuonetsa zithunzi za ntchitoyi, ambiri akhala akuyamikira thirakitala yaing'ono imene inakumba, ena akuyamikira ine ngati kuti nzeru zonse zinali zanga. Zimenezi zakhala zikundichititsa manyazi, pakuti ndikudziwa amene anachititsa kuti madzi akhale m'dzenje limenelija, ndipo ambiri mwa iwo sakuoneka pa zithunzizo.

Maganizo okumba dziwe anabwera ndi ng'amba ya mu Febuluwale 2024, pamene chimanga chathu chinapsa chitangoyamba kumasula, ndipo tinachiyang'ana chikupota masamba tsiku ndi tsiku popanda chimene tikanachita. Pa 23 Malichi chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi ya chilala, koma ife nkhokwe zinali zitatiuza kale. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti masabata ochepa m'mbuyo mwake madzi ambirimbiri anali atadutsa m'khwawa la kumunsi kwa munda wathu, ife tikungowaonera.

Ndiyambe ndi inu Malume, eni mbumba. Malo amene dziweli lakhala ndi a banja lonse, ndipo mukanakana palibe amene akanakudzudzulani. Munaitana abale, munamva madandaulo a amene ankaopa kuti ziweto zisowa podyera, kenaka munanditengera kwa a Mfumu kuti nkhaniyo idziwike bwinobwino. A Mfumu, zikomo chifukwa simunathamangire kuvomera, koma munayamba mwaitana eni madimba a kumunsi kwa dambo kuti nawonso alankhule. Kunali pabwalo lanu pamene tinagwirizana kuti sititseka khwawa lonse, koma tikumba pambali pake n'kupatutsa gawo chabe la madzi. Pa tsikulo ndinaona ngati mukundichedwetsa. Lero ndimapereka moni kwa anansi anga a kumunsi popanda kuyang'ana kumbali.

Malo amene ndinasankha poyamba anali olakwika, ndipo ndiyenera kuvomera pagulu. Ndinafuna pafupi ndi dimba kuti mapaipi asatalike, osalingalira kuti dothi lambiri la kuno ku Kasungu ndi lamchenga, labwino ku fodya ndi mtedza koma losagwira madzi. Amene anandibweza ndi Agogo oumba mbiya a m'mudzi mwathu. Anabwera ndi ndodo yawo, anatapa dothi la pamene ndinakhoma zikhomo, analinyowetsa n'kulifinya m'manja, ndipo atatambasula chikhatho linangoyoyoka. Sananene kanthu. Ananditsogolera mamita pafupifupi 60 kumunsi, pafupi ndi mtapo wawo wakale, anatapanso lina, analikulungiza mpaka linatalika ngati chala, analipinda kukhala mphete osathyoka, kenaka analuma kachidutswa ndi mano akutsogolo kuti amve ngati muli mchenga. Atalavula anati, “Mwanawe, madzi amagona apa, uko angokupatsa moni n'kumapita.” Alangizi a zaulimi atabwera anatiuza kuti tikumbe mayenje awiri oyesera, limodzi pa malo anga, lina pa malo a Agogo, tithiremo madzi madzulo n'kuvundikira. M'mawa mwake langa linali gwa, pamene la Agogo madzi anali atatsika pang'ono chabe. Agogo, mwaumba mbiya zaka zonsezi, koma yaikulu kuposa zonse ndi iyi ili kudamboyi.

Kwa eni thirakitala, amene anandibwereka pa mtengo umene ndinatha kulipira ndi ndalama za fodya amene ndinagulitsa ku Chinkhoma, ndikuti Mulungu akudalitseni. Anthu ena anaseka ataiona ikutsika mumsewu wa Kamwendo, amvekere kathirakitala aka kangokanda pamwamba ngati nkhuku. N'zoona kuti ndi yaing'ono, ya mahosipawa 35, yokhala ndi chifosholo kutsogolo ndi pulawo ya madisiki awiri kumbuyo, ndipo siingafanane ndi chimakina chokumbira chimene chikanamaliza ntchitoyi m'masiku atatu. Koma chimakina choterocho n'chodula kuyambira pa lole yochinyamulira, ndipo ndalama zanga sizikanafikako.

A Dalaivala, luso lanu ndinaliona ndi maso anga. Chifosholo cha thirakitala yaing'ono sichingathe kubaya dongo louma la mu Seputembala, choncho munkayamba mwagalauza ndi pulawo masentimita 15 kapena 20, kenaka n'kumakokolola dothi lofewalo, mukatha n'kugalauzanso. Dothi lakuda lapamwamba munaliunjika palokha kuti lisalowe m'khoma lotchinga madzi a dziwelo, ndipo pamapeto tinaliyala kunja kwa khomalo kuti udzu umere. Dziweli ndi la mamita 30 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi, lakuya mita imodzi kumtunda ndi mamita awiri ndi theka kumunsi, ndipo mwana wanga amene ankalemba timizere m'kope anawerenga maulendo opitirira 2,400. Pa maulendo onsewo sindinakuoneni mukuyenda chifosholo chodzaza chili m'mwamba, kapena mukudutsa chopingasa pamalo otsetsereka. Munandifotokozera kuti thirakitala yaing'ono imagubuduka msanga katundu akakwera pamwamba, n'chifukwa chake pulawo simunkaichotsa kumbuyo, kuti izilemeretsa matayala akumbuyo. Ana atakupemphani kuti muwakweze munawakalipira mpaka ena analira, ndipo ine ndinakondwera nako kukalipa kumeneko.

Ntchito imene tinkayembekeza kuti itenga masabata awiri inatenga asanu, chifukwa mu Okutobala mafuta anasowa m'dziko muno. Alamu anga, inu munasiya kabaza wanu n'kumazungulira ndi njinga yamoto kuyambira pa boma la Kasungu mpaka ku Kamwendo kufunafuna dizilo, tsiku lina munagona pamzere n'kubwera chimanjamanja, koma m'mawa mwake munapitanso. Eni thirakitala nawonso sanandiwerengere masiku amene inangokhala pansi pa mtengo wa muwanga.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi limene tinafika pa mamita awiri kumbali yakuya. Pansi panayamba kuchita chinyezi, ine n'kumasangalala kuti tapeza kasupe, ndipo ndinakakamiza a Dalaivala kuti alowenso kamodzi ngakhale iwo anali atanena kuti pafewa. Thirakitala inatitimira mpaka m'mimba. Matayala anayi onse ankangozungulira pamodzimodzi akumwaza matope, ndipo kuyesa kulikonse kunkaizamitsa. Tinayala mitengo ndi miyala, osatheka. Amene anatipulumutsa ndi anansi athu awiri a ngolo, amene anamasula ng'ombe zawo zinayi n'kubwera nazo ndi matcheni, pamodzi ndi anyamata a mpira amene anasiya masewero n'kudzakumba kutsogolo kwa matayala ndi makasu. Dzuwa likulowa ng'ombe zinakoka, anyamata anakankha, a Dalaivala anakanikiza chifosholo pansi kuti mutu wa thirakitala unyamuke, ndipo inatuluka anthu akuimba nthungululu. Amene ankaseka kathirakitala aja anapeza choseka chenicheni tsiku limenelo, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti nanenso ndinaseka nditaona makina ochokera kutsidya kwa nyanja akukokedwa ndi ng'ombe za pa goli. Kulakwa kunali kwanga ndekha.

Pali ntchito imene thirakitala sinathe kugwira, ndipo ndiyo yasunga madziwa. Alangizi anaumirira kuti pansi pa khoma pakumbidwe ngalande ya mita imodzi m'lifupi yofika pa dongo lenileni, kuti madzi asamadutse kunsi kwa khomalo. Anyamata a m'mudzi anaikumba ndi mapiki. Kenaka amayi a Mvano ndi amayi a banki m'khonde imene mayi akunyumba amasonkhako anabwera ndi ndowa ndi minsi yawo. Dongo linkathiridwa pang'onopang'ono, masentimita 15 pa nthawi imodzi, n'kuliwaza madzi kuti lichite mnyontho osati matope, amayi n'kumalisinja ngati akukonola chimanga, akuimba, kenaka thirakitala n'kudutsapo kangapo chifosholo chili chodzaza. Thirakitala yaing'ono ndi yopepuka, payokha siingatsendere dothi mokwanira, ndiye m'mbali ndi m'makona monse munadutsa minsi. Muzu uliwonse ndi udzu uliwonse amayiwa ankautola ndi manja, chifukwa zoterezi zikaolera m'khoma zimasiya njira ya madzi. Titapezanso mzere wa mchenga kumbali ya kum'mawa, tinaumata ndi dongo la ku mtapo wa Agogo lochindikala masentimita 30, ndipo ng'ombe zomwe zija zinabweranso kudzalipondaponda masiku awiri. Amayi inu, malipiro anu anali thobwa ndi nsima ya nyemba basi, ndipo ena mwa inu matuza a m'manja anatenga sabata kuti apole. Ndilibe mawu okwanira.

Alangizi, ndi inu ndinakangana nanu koposa wina aliyense, ndipo pa mkangano uliwonse olondola munali inu. Ine ndinkafuna kungoika paipi imodzi yotayira madzi kuti ntchito ithe, koma inu munati pakhale njira yotakata mamita atatu, yotsika masentimita 40 kuchokera pamwamba pa khoma, yodulidwa pa nthaka yolimba ya pambali osati pa dothi lothira, yoyalidwa miyala ndi kapinga. Munatibweretseranso mbewu ya udzu wa vetiva yobzala m'mphepete, ndipo munaletsa kubzala nthochi kapena mitengo pa khoma penipeni. Usiku wina mu Januwale kunagwa chimvula cha maola angapo, ndipo ndinapita kudambo ndi tochi mtima uli m'mwamba. Ndinapeza madzi akusefukira mwaphokoso pa njira yanu ija, atadzaza m'lifupi mwake monse, khoma lili chilili. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo usiku umenewo akanapanda kupeza njira imene munawakonzera akanadzitsegulira yawo pakati pa khoma, n'kukakokolola madimba a anthu amene ndinawalonjeza pamaso pa a Mfumu.

Mayi a ana anga, ndalama zimene zinalowa m'dzenje limeneli zinali za malata a nyumba yathu, ndipo dzinja lathali mwatchera mabeseni pamene pakudontha osandinyoza ngakhale kamodzi pamaso pa ana. Munaphikira anthu masabata asanu, tsiku lina oposa 30. Apongozi anga, zikomo chifukwa cha thumba la chimanga limene munatumiza pa nthawi imene aliyense ankabisa chake.

Kwa amene mwakhala mukufunsa ngati ntchitoyi yapindula, ndiyankhe moona. Likadzaza, dziweli limasunga madzi okwana migolo pafupifupi 4,000 ya malita 200, ndipo kasupe amene anatitimiza thirakitala uja anapitiriza kulidyetsa mpaka mu Ogasiti. Kuyambira pamenepo tinayamba kugawana madzi ndi dzuwa, ndipo ndodo yathu inkaonetsa kuti mu Okutobala, ngakhale tsiku limene sitinathirire, madzi ankatsika ndithu. Tathirira kota ya ekala yokha ya tomato, anyezi, mpiru ndi chimanga chachiwisi, osati ekala yonse imene ndinkalota. Makumba amene tinaikamo mu Malichi anachedwa kukula m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ngakhale tinkawapatsa madeya ndi kuthira manyowa a nkhuku, ndipo ng'azi ndi anantchengwa anatengapo gawo lawo. Komabe ndiwo sitinagule chilimwe chonse, fizi ya teremu ino yachokera ku tomato, ndipo theka la malata aja lagulidwa.

Ndikupempha makolo onse a m'mudzi muno ndi midzi yoyandikana nafe kuti tithandizane kuletsa ana kusewera kudziweko, makamaka tsopano pamene liyambenso kudzaza, chifukwa m'mbali mwake ndi moterera ndipo kumunsi munthu wamkulu amamira. Mpanda waminga tamanga mbali zitatu, yachinayi timaliza sabata ino. Loweruka likudzali tidzakokolola nsomba ndi ukonde madzi asanakwere, ndipo zoyamba kutuluka sizidzagulitsidwa. Amayi a Mvano ndi a banki m'khonde, anyamata a mpira, eni ng'ombe, Alangizi, a Dalaivala ndi alamu anga, bwerani ndi mbale zanu kuyambira 8 koloko m'mawa. Za a Mfumu ndi za Malume ndidzapereka ndekha kunyumba, ndipo Agogo musavutike kuyenda, ngolo idzabwera kudzakutengani.